Momwe mungalembere sitori ya chikondi yoti mtsikana wabwerera m'mbuyo mwa nthawi, osasochera pakati

Mwina zinakuchitikiranipo. Mwayamba sitori ndi moto, mtsikana wa ku sekondale wadzuka m'chaka choti iyeyo anali asanabadwe, wakumana ndi mnyamata, anthu akuwerenga nkumapempha pati yotsatira, mwafika pati 7 kapena 8 nde wina wafunsa kuti nanga bwanji mtsikanayo osangobwereranso kukakonza zomwe analakwitsazo, inu yankho mulibe, sitori yafera pompo. Ndawerenga zambiri zofa chonchi ndipo zimandiwawa, chifukwa olembawo chikondi amachitha kulemba bwinobwino, chomwe chimawagwetsa ndi nthawiyo. Ulendo wa nthawi umafuna lamulo komanso mtengo, ndipo wolipira mtengowo akhale awiri okondanawo. Zikapanda kutero ndiye kuti mwangowaveka zovala zakale basi.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: Chisomo, wazaka 17, wa Fomu 4 ku Zomba mu 2024, amene akupezeka mu 1992 nkukumana ndi Madalitso, nayenso wazaka 17. Awiriwa ndi ongopeka, koma chaka ndi malowo ndi zenizeni.

Zofunika musanayambe

- Kope limodzi loti ndi la sitoriyi yokha. Foni yokha siyikwanira, mudzatopa nkusakasaka zomwe munalemba masabata atatu apitawo.
- Zolembera ziwiri, yabuluu ndi yofiira.
- Pepala lalikulu, ngakhale kuseli kwa kalendala yakutha.
- Munthu wamkulu amene analipo m'chaka mwasankhacho, kaya agogo, azakhali kapena aneba, ndi foni yojambulira mawu akakulolani.
- Kalendala ya chaka chimenecho. Ya 1992 ndi chimodzimodzi ya 2020, masiku ake amagwa mofanana ndendende, nde ngati ya 2020 ili pafoni mwathana nazo.
- Mnzanu mmodzi wovuta, uja amafunsa kuti "zatheka bwanji" pa chilichonse.

1. Sankhani lamulo limodzi la nthawi, lilembeni patsamba loyamba

Malamulo amene amagwira ntchito alipo atatu.

Loyamba ndi loti zakale sizisintha. Chilichonse chomwe Chisomo akachite mu 1992 chinachitika kale, ndipo nchomwe chinapangitsa kuti lero likhale momwe lilirimu. Mwachitsanzo agogo ake akhala akusimba za mtsikana wachilendo amene anakhala kwawo masabata atatu chaka cha chilala nkungosowa osatsanzika, nde pakati pa sitori Chisomo amazindikira kuti mtsikanayo ndi iye mwini. Ine lamulo ili ndimalikonda kuposa onse pa nkhani ya chikondi, chifukwa owerenga amadziwiratu kuti adzasiyana koma amawerengabe, mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri ndi loti zakale zikasintha lero limasinthanso. Ndi lokoma koma ndi loopsa. Chisomo akalepheretsa makolo ake kukumana ndiye kuti sabadwa, nanga ngati sanabadwe anapita kukalepheretsayo ndani? Mukasankha ili konzekani kulondola chilichonse chomwe wakhudza.

Lachitatu ndi loti nthawi imaphuka nthambi. Akasintha chinthu, dziko lina limayambika pambali, lakwawo lija likupitirirabe popanda iye. Maganizo a maiko ambiri oyendera limodzi alipo ngakhale mu sayansi, Hugh Everett anawalemba mu 1957, koma inu fizikisi simukuyifuna apa, mukungofuna kudziwa kuti amayi ake a Chisomo kwawo kuja akumudikirabe.

Chenjezo: apa mpamene ambiri amagwera. Amayamba ndi loyamba, zikavuta pa pati 9 amalumphira lachitatu osauza munthu. Owerenga sangatchule dzina la vutolo koma amamva kuti anamizidwa.

2. Pezani khomo, ndipo liikireni mtengo

Khomo ndi chinthu chomwe chimamupititsa. Chisakhale chimakina cha mawaya chomwe inunso simungachifotokoze. Tengani chinthu cha m'nyumba chomwe chili ndi mbiri ya pabanjapo. Kwa Chisomo ndi wailesi yakale ya agogo, yomwe yakhala pamwamba pa kabati osalira, nde usiku wina magetsi atazima wayika mabatire, wapotokola, ikumveka MBC ikuwerenga nkhani za 1992.

Tsopano yankhani mafunso anayi awa m'kope muja ndipo mayankho ake asadzasinthe: amapita kangati, amakhalako nthawi yaitali bwanji, angatenge chiyani, ndipo amataya chiyani. Lomalizali ndiye mtima wa sitori yonse. Kwa ine, tsiku limodzi mu 1992 ndi sabata yathunthu mu 2024. Akakhala ndi Madalitso masiku anayi, kwawo kwatha mwezi, amayi ake azungulira kupolisi ndi kuchipatala, mayeso a MSCE ayandikira iye asanatsegule kope. Ndiye madzulo aliwonse amene akuti "ndikhaleko tsiku limodzi lokha" owerenga akudziwa amene akulira mbali inayo. Mawu achikondi simufunikanso kuwakokomeza, mtengowo ukulankhula wokha.

Chenjezo: kwathu kuno munthu wongotulukira osadziwika komwe wachokera, wodziwa zamawa, anthu saganiza za sayansi, amaganiza za ufiti. Musazithawe zimenezi, anthu a mu 1992 amunong'oneze ndithu, ena amuope. Koma inu wolemba dziwani kuti khomo lanu ndi chiyani, chifukwa mukangolowetsa sing'anga kuti adzafotokoze zonse, sitori yasanduka ina.

3. Chaka chimodzi, malo amodzi, ndipo fufuzani mpaka mumve fungo lake

Apa musathamange. "Kalekale" si chaka. Ine ndinasankha Zomba mu 1992 chifukwa chaka chimenecho chimamuvutitsa Chisomo kuyambira mphindi yoyamba.

Wafika atavala jinzi. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993, nde asanalankhule nkomwe ali kale pamavuto, munthu woyamba kumuponyera chitenje ndi amene angakhale mnzake. Anyamata nawo tsitsi lalitali linali loletsedwa. M'thumba ali ndi K1000, ili ndi nkhope ya Kamuzu inde, koma pepala limenelo linatuluka mu 2012, akangolitulutsa pamsika anthu aziti ndi ndalama yachinyengo, pomwe anzake akugula zinthu ndi matambala. Pachipata cha msika kapena pokwera basi a yufi, achinyamata a chipani cholamula cha MCP, atha kumufunsa khadi la chipanicho, iye alibe. Foni yake ilibe netiweki, mafoni a m'manja anali asanabwere, ndipo batire ikatha yatha. TV ya dziko lino inayamba mu 1999, wailesi ya m'dziko muno inali MBC yokha, nyuzipepala ya Nation inayamba mu 1993 nde musamugwiritse munthu m'manja mu 1992. Pulayimale inali yolipira mpaka 1994, kutanthauza kuti m'nyumba yomwe wafikiramo mutha kukhala mwana amene wakhala pakhomo chifukwa cha fizi. Likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma Nyumba ya Malamulo inali ikadali ku Zomba konko. Komanso chinali chaka cha chilala choopsa, nde mbale ya nsima yomwe akumugawira mlendoyu pali wina amene wadya pang'ono chifukwa cha iye.

Ndiye pali zandale. Lamulungu pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula momwe dziko linkayendetsedwera, ophunzira a ku Chancellor College anachita zionetsero, mu Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Chisomo zonsezi anaziphunzira mkalasi. Akudziwa kuti pa 14 Juni 1993 kudzakhala riferendamu, nyali ya ofuna zipani zambiri idzapambana tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo mu Meyi 1994 kudzakhala chisankho cha zipani zambiri. Madalitso sakudziwa chilichonse, akungodziwa kuti zinthu zimenezi sizikambidwa mokweza. Tangoganizani mtsikana amene wazolowera kulemba maganizo ake pa WhatsApp akuuza mnyamata panjira kuti "osadandaula, zitha posachedwapa", mnyamatayo nkumutseka pakamwa akuyang'ana kumbuyo. Chomwe iye akudziwa chitha kumangitsa munthu amene akumukonda, ndipo apa mbiri ndi chikondi zalukana, sizikuyenda padera.

Mukamacheza ndi akuluakulu musafunse kuti "kale zinali bwanji", akuyankhani kuti zinali bwino kapena zinali zovuta basi. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Mnyamata akafuna kufunsira ankatani? Kalata ankapatsira ndani? Munkakumana kuti, kuchigayo, kumjigo, kukwaya? Munkadzola mafuta anji? Bambo akakupezani mwaima ndi mnyamata chinkachitika nchiyani? Apa mudzamva zinthu zoti simungazipeke, koma mayina a anthu enieni musawaike mu sitori. Amene muli ku Zomba, National Archives, komwe amasunga zolembedwa zakale za dziko lino, ili komweko, manyuzipepala akale ngati Daily Times ndi Malawi News amakuwonetsani mitengo ya zinthu ndi malonda a nthawiyo.

Chenjezo: mukapita kutali kuposa apa zinthu zimasinthanso. Kwacha inayamba mu 1971, kumbuyoko ndi mapaundi ndi mashereni. Nthawi ya atsamunda Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Nsanje Port Herald, ndipo wopita ku Harare ankati akupita ku Salisbury mpaka 1982.

4. Werengani zaka, jambulani mtundu wonse

Ntchito ya mphindi khumi koma ndi imene imapulumutsa sitori. Lembani chaka chobadwa cha munthu aliyense. Chisomo 2007. Madalitso 1975. Amayi a Chisomo 1980, nde mu 1992 ali ndi zaka 12. Agogo 1955, ali ndi zaka 37, ndi mayi wamphamvu zake amene akusenza mtolo wa nkhuni osapuma.

Mukangolemba chonchi mapati ena amabwera okha. Chisomo alakwitsa nkuitana kuti "agogo" kwa mayi wazaka 37, onse nkuseka, iye misozi ili m'maso. Akumanga tsitsi kamtsikana kazaka 12 kamene kadzakhale amayi ake, kakumuuza zomwe kakufuna kudzakhala kakakula, iye akudziwa kuti sizinatheke. Nthawi zambiri pati imeneyi imaliza anthu kuposa ya chikondi yeniyeniyo.

Machenjezo awiri, onse aakulu. Loyamba, onetsetsani kuti Madalitso si m'bale. Mudzi ndi waung'ono, mukapanda kusamala mudzazindikira pa pati 12 kuti mtsikana wanu wagwa m'chikondi ndi malume ake. Lachiwiri, mu 2024 Madalitso ali ndi zaka 49 pomwe Chisomo akadali 17. Chikondi chawo ndi cha mu 1992, pomwe onse ali ana a msinkhu umodzi. Akabwerera sangakhale chibwenzi, musayese nkomwe kuzikometsa, mukulembera ana a sukulu ndipo atsikana ambiri amavutitsidwa kale ndi azibambo a misinkhu imeneyo.

5. Mnyamatayo akhale munthu

Madalitso asangokhala wooneka bwino amene wakhala akudikira mtsikana wochokera kutsogolo. Mpatseni chake chomwe akufuna chosakhudzana ndi Chisomo. Wanga akufuna kukhoza mayeso apite ku Chancellor College, koma bambo ake anapita kumigodi ku Joni osabwerera nde ndi iye amene akusamala azing'ono ake, amakonza mawailesi a anthu kuti apeze ya sopo. Mwaona, wailesi ija yalowanso.

Kenako dzifunseni, nchiyani chomwe Chisomo akupeza mwa iyeyu chomwe sanachipeze mu 2024? Yankho lisakhale loti anyamata akale anali abwino, zimenezo ndi zabodza ndipo agogo anu omwe akuuzani. Mwina ndi loti Chisomo chimwalirireni bambo ake aliyense amamuuza kuti alimbe mtima, koma uyu amangokhala naye phee osamuuza chilichonse.

Malankhulidwe asiyane. Chisomo amasakaniza Chingerezi cha pafoni, mnyamatayo amamufunsa kuti chimenecho nde chiyani. Kwa akuluakulu onse awiri azilankhula mwaulemu, "inu", "amayi", "bambo", kugwada popereka madzi, ndipo Chisomo akaiwala ziwoneke kuti anthu adabwa. Chikondicho chiyende ndi miyendo ya msinkhu wawo: kuperekezana, kalata yopinda kanayi yodutsira kwa kamlongo, dzanja logwirana kamphindi nkusiyana wina akamabwera. Musafulumire kuwanenetsa kuti "ndimakukonda" pa pati 2, mudzasowa chowapatsa pa pati 10.

6. Ngati mwasankha dziko lina, osati chaka china

Ena safuna zakale, amafuna Chisomo adzuke mu 2024 yemweyo koma moyo wake uli wina. Zimatheka, ndipo kafukufuku amachepa, koma sinthani chinthu chimodzi chokha nkulondola zotsatira zake. Mwachitsanzo m'dziko linalo bambo ake sanakwere minibasi yomwe inawapha pangozi, ali moyo. Ndiye banja silinasamuke, iye ali pasukulu ina, ndipo mnyamata amene amakondana naye kwawo kuja kuno samudziwa nkomwe. Pamenepo asankhe, bambo kapena mnyamatayo. Mukasintha zinthu makumi awiri, pulezidenti wina, ndalama ina, mzinda wina, owerenga amangoona zodabwitsa koma samva kalikonse.

Chenjezo: yankhani kuti Chisomo wa m'dziko linalo ali kuti. Asinthana? Alipo nde akumana? Ambiri amamufufuta ngati sanali munthu, chonsecho ndi mwana wa eni amene wina wamulanda bedi ndi makolo. Komanso mnyamata wa kunoko si yemwe uja, nkhope ndi imodzi koma alibe ngongole ya chikondi kwa iye, akhoza kukhala ndi wake kale.

7. Mizere iwiri papepala lalikulu lija

Wabuluu ndi masiku monga momwe kalendala ikuyendera, 1992 mpaka 2024. Wofiira ndi momwe Chisomo akuzionera, tsiku lake loyamba, lachiwiri, lachitatu. Paliponse pomwe wadumpha lumikizani mizereyo, ndipo lembani pambali zinthu zitatu: akudziwa chiyani, wanyamula chiyani, kwawo kwatha masiku angati. Mukamalemba pati iliyonse yang'anani pepalali kaye.

8. Lembani mathero musanalembe pati 1

Sindikuti mawu ake onse, koma dziwani amene akutsala kuti. Njira zilipo: abwerera nkusiyana, atsala mu 1992 nkutaya amayi ake, kapena mnyamatayo abwera naye nkusiya azing'ono ake opanda wowasamala. Iliyonse ili ndi wolira, ndipo ikuyenera kutero. Mathero oti aliyense wapeza zonse amafufuta mtengo uja munaika pa sitepe 2.

Anga ndi awa. Chisomo abwerera, mabatire atha, wailesi siyidzaliranso. Akuyitsegula kumbuyo kuti aone chavuta, nkupeza kalata yopinda kanayi yomwe yakhala m'menemo zaka 32, yolembedwa ndi amene anaikonza wailesiyo komaliza. Ndiye chifukwa ndimadziwa zimenezi kuyambira pachiyambi, pa pati 1 ndimaonetsa kale kuti sikuluu imodzi ya kumbuyoko ndi yosiyana ndi zinzake, ndipo pa pati 5 Madalitso amasowa sikuluu nkutenga ina.

9. Lembani zonse kaye, kenako muzitulutsa

Ndikudziwa kuti chimakoka kuponya pati 1 usiku womwewo. Pirirani. Malizani yonse, mpatseni mnzanu wovuta uja, funso lililonse lomwe simungayankhe ndi bowo, likonzeni. Pamwamba pa pati iliyonse lembani malo ndi chaka, "Zomba, Malichi 1992", chifukwa owerenga pafoni amadumphadumpha ndipo ena ayambira pakati.

Zolakwika zomwe ndimaziona kawirikawiri

Kufotokoza khomo masamba atatu. Ziganizo ziwiri zakwana, chofunika ndi chomwe limachita, osati mawaya ake.

Chisomo kusanduka mphunzitsi wa aliyense, kumaphunzitsa anthu a 1992 ngati mbuli. Anthuwo amadziwa zambiri zoti iye sazitha, kusonkha moto ndi nkhuni zonyowa, kusunga chinsinsi, kudyetsa anthu asanu ndi awiri ndi ufa wochepa. Iyeyo ndi amene akhale wosowa thandizo kawirikawiri.

Kuiwala a kwawo. Mtsikana wasowa mwezi koma palibe pati ngakhale imodzi yoonetsa amayi ake akuyenda ndi chithunzi chake m'manja.

Aliyense kukhulupirira msanga. Madalitso akauzidwa kuti "ndachokera mu 2024" asangoti chabwino. Akane, akwiye, aganize kuti akumuseka kapena kuti mtsikanayu watumidwa kudzamutapa m'kamwa, nthawi imeneyo mantha amenewo anali enieni. Adzakhulupirire pamene chinthu chaching'ono chomwe ananena chachitikadi.

Kusewera ndi masoka enieni. Napolo wa ku Phalombe mu 1991 kapena namondwe Freddy mu 2023 anapha abale a anthu amene akuwerenga sitori yanu. Mukawalowetsa alowe ndi ulemu wake, osati ngati pongokumanirana awiriwo, ndipo musalembe kuti mtsikana wanu anapulumutsa onse pomwe manda alipo.

Foni yosatha batire. Masabata atatu m'nyumba yopanda magetsi koma akuwonetsabe zithunzi. Ilekeni ithe pa tsiku lachiwiri, ndipo sankhani bwino chinthu chimodzi chomwe amuwonetse Madalitso isanazime.